Belo Limene a Layisoni Sanaponye Pansi

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Meyi, nthawi itangopitirira naini koloko m'mawa, pamene lole inaima pabwalo la atsibweni athu a Zakeyu, kwa Wimbe, kudzatenga fodya wa kalabu yathu wopita ku okishoni. Papita zaka zoposa makumi atatu, koma nthawiyo ndikuikumbukira chifukwa ndine ndinkalemba manambala pa mabelo, ndipo ndinali nditangofunsa dalaivala nthawi. Belo lililonse tinkanyamula anthu anayi, aliyense ngodya yake. Tinakweza onse, kutsala limodzi la atsibweniwo.

Alamu anga a Layisoni Mbewe anali ataima pamthunzi wa chigafa, manja ali m'matumba. Anali atangofika masiku atatu apitawo kuchokera ku Blantyre, kumene ankachita masewero onyamula zitsulo. Pa anthu olemera thupi ngati iwo, m'dziko muno munalibe wowaposa, ndipo anali atapita kale kunja kawiri kukaimira dziko. Mwezi wotsatira ankayenera kupita ku mpikisano waukulu kuposa yonseyo. Kochi wawo anawapatsa masabata awiri opuma ndi lamulo limodzi: asanyamule kanthu, ngakhale ndowa ya madzi.

Atsibweni anawaitana mokweza kuti aliyense amve.

"Akamwini, mwangoima ngati mlendo? Timangomva pa wailesi kuti mumanyamula zitsulo. Lero tione ndi maso athu. Latsalali n'lanu, nokha."

"Pepani atsibweni, andiletsa. Ndabwera kudzapumitsa thupi."

"Wakuletsaniyo ndi amene anakupatsani mkazi?"

Anthu anaseka, azimayi anayamba nthungululu. Panalinso mlangizi wa zaulimi atatsamira njinga yake yamoto, naye akumwetulira. Mkamwini sakana ntchito ya atsibweni a mkazi wake pagulu. A Layisoni anayang'ana mkazi wawo, alongo anga a Esinati, amene anali pakhonde ndi khanda kumsana. Kenako anavula nsapato, anatapa phulusa pamene tinaotha moto m'mawawo n'kulipaka m'manja, ndipo ananyonyomala pambali pa belolo.

A Layisoniwo tawaika m'manda Lachiwiri lapitali. Anadwala masiku anayi okha. Amwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi, koma masewero anawasiya asanakwanitse makumi atatu, pa msinkhu umene anzawo amakhala akungoyamba kutchuka. Achinyamata a kwa Wimbe sadziwa zoti mkulu wopendekera uja, woyenda ngati wasenza thumba phewa limodzi, anakwerapo ndege atavala jekete la mitundu ya mbendera. Amangowadziwa kuti a Jeke. Jeke ndi chitsulo chija timapanikizira fodya pomanga belo. Dzinalo anawapatsa ndi atsibweni omwewo, ndipo linakhazikika. Pamaliro pomwe ndinamva mayi wina akufunsa mnzake kuti kodi a Jeke dzina lawo lenileni linali ndani. Munthu wakhala pakati panu zaka zonsezi, mwamutcha dzina la chitsulo, ndipo lakelo mukulifunsa ali m'bokosi.

Kwawo kunali kumpoto kwa boma lino la Kasungu, kumalire ndi Mzimba, kumene anthu amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka. Chichewa chawo chinali chabwino, koma akakana chinthu motsimikiza ankati "yayi", ndipo zikatero tinkadziwa kuti nkhani yatha. Anabwera kuno kudzagwira ntchito yokweza matumba a feteleza pa esiteti ina pafupi ndi Mtunthama. Zitsulo zawo zoyamba zinali chitsulo cholumikiza mateyala a ngolo yakale, ndi zitini ziwiri za penti zothiramo simenti. Mphunzitsi wina wa masewero anawaona akunyamula zimenezo kuseri kwa nyumba za antchito, ndipo analembera kalata mnzake wa ku Blantyre. Kumeneko ankagwira ntchito ya ulonda, akaweruka n'kupita kukanyamula. Patangotha zaka zinayi dzina lawo linayamba kumveka pa wailesi.

Kwawoko mkazi ndiye amapita kwa mwamuna. Abale awo anawaseka atamva kuti akamanga nyumba kwa mkazi. Iwo anati a Esinati sangasiye mayi awo odwala, komanso poti mwamuna amakhala kutali miyezi yambiri, ndi bwino mkazi akhale pakati pa abale ake. Chikamwini anachilandira ndi mtima wonse, mwina kuposa mmene ife eni ake timachisungira. Anafunsa malamulo ake onse ngati akufunsa malamulo a mpikisano: pokhala pawo ndi pati, ayankhule liti, akakumana ndi apongozi panjira apatukire kuti. Sanaphwanyepo ngakhale limodzi. Atsibweni ankazidziwa bwino zimenezi Loweruka lija.

Ankakonda kunena kuti anthu amayesa masewero awo ndi a mphamvu, pamene ndi a dongosolo. Ankati chitsulo cha mpikisano n'choona mtima, chifukwa mbali iyi imalemera chimodzimodzi ndi inayo, ndipo kulemera kwake amakuuziratu usanachigwire. Ankanenanso kuti chinthu choyamba chimene kochi anawaphunzitsa si kunyamula ayi, koma kuponya. Ukamva kuti chitsulo chakupotokera, uchisiye chigwe, iwe udumphire kumbali. Ankati mwezi wathunthu ankangophunzira kutaya chitsulo, anzawo akuwaseka kuti munthu wachokera ku Kasungu konse kudzagwetsa katundu wa eni.

Atavulala sanasiye kuphunzitsa, ngakhale panalibe amene anawapempha. Akaona mayi akuwerama kuti atukule ndowa pamjigo, ankakuwa ali kutali:

"Amayi, pindani maondo! Msana si khasu, sagulitsa pa Mtunthama!"

Azimayi ankaseka n'kuwayankha kuti, "A Jeke, wanuwo munaupinda bwanji?" Iwo ankaseka nawo. Ine ndikamva yankho limenelo ndinkalowa m'nyumba.

Lamba wawo wachikopa wa mpikisano ankamuvala tsiku lililonse mkati mwa malaya, ngakhale kutchalitchi, chifukwa ndiye ankagwira msanawo. Kukhala pansi kapena pa kampando kafupi sankatha. Pa misonkhano ya banja mkamwini amakhala pansi chapatali, koma iwo ankaimirira atatsamira mtengo mpaka nkhani ithe. Anthu amene ankadziwa bwinobwino kuti munthuyu ndi wovulala ndi omwenso ankanong'onezana kuti ndi wamwano, anazolowera mipando ya m'ndege.

Tsopano ndinene za Lachisanu, dzulo lake la tsiku limene lole inabwera. Chaka chimenecho fodya wa atsibweni sanachite bwino. Kunali ng'amba mu Febuluwale, ndipo masamba anapepuka. Pomanga belo lomaliza tinali awiri m'chigafa, iwo ndi ine, dzuwa lili pamutu. Tinayala ndindi za fodya m'bokosi la jeke, tinapanikiza, tinayalanso. Titafika pakati, atsibweni anatuluka n'kubwera ndi mphero yosweka imene inkakhala kuseri kwa nkhokwe. Anaikulunga m'chiguduli n'kuiika m'bokosimo. Sanaiike pakati, anaiika kumapeto, ati chifukwa oyang'ana fodya ku okishoni amapisa dzanja pakati.

"Yalapo. Ukundiyang'ana chiyani?"

Ndinali ndi zaka makumi awiri, nditalemba kale mayeso a Folomu 4. Sindinali mwana. Ndinkadziwa kuti mwala ukapezeka m'belo, chiphaso amalanda cha kalabu yonse, osati cha mwini belo yekha. Ndinayala ndindi pamwamba pa mwalawo. Tinapanikiza. Ndinasoka chiguduli mothamanga, ndipo ndinalemba nambala.

Zinanditengera zaka kuti ndimvetse chifukwa chimene atsibweni anasungira belo limenelo mpaka kumapeto. Sankafuna chionetsero. Tikanalinyamula anthu anayi, awiri akanamva kuti mbali yawo ikulemera kuposa inayo, ndipo mmodzi akanayankhula. Panafunika munthu mmodzi woti anganyamule yekha, komanso woti ngakhale amve kanthu sangatsegule pakamwa. M'mudzi monse munthu woteroyo analipo mmodzi.

A Layisoni analikumbatira belolo, analikokera pamaondo, ndipo ndi mpweya umodzi analikweza paphewa. Pomwepo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Mbali ya mwala inali kumbuyo. Belo linawakokera chagada, thupi linapotoka m'chiuno mapazi ali pomwepo. Apa ndi pamene munthu wophunzitsidwa amataya. Iwo sanataye. Anayenda mapazi atatu chopotoka choncho, analitsamiritsa pa lole, ndipo amene anali pamwamba analikoka. Bwalo lonse linakuwa. Atsibweni anawomba m'manja.

"Uyu si munthu, ndi jeke!"

A Layisoni nsapato sanazitole. Anayenda opanda nsapato kupita kunyumba kwawo, pang'onopang'ono, akugwedezera mutu anthu owayamikira. A Esinati ndiwo anabwera kudzatenga nsapatozo. M'mawa mwake mwendo wamanzere wa a Layisoni unali wosamva kanthu. Tinawagoneka m'ngolo mpaka kumsewu, ndipo kuchipatala cha paboma anawatumiza ku Lilongwe. Madokotala anati kanyama kamene kamakhala pakati pa mafupa a msana kanaphulika n'kupanikiza mtsempha. Kuyenda adzayenda, koma za zitsulo aiwale.

Ine ndi amene ndinkawadikirira kuchipatalako. Tsiku lachitatu, a Esinati atapita kukachapa, anandiitana.

"Mlamu, sendera kuno. Munali chiyani muja? Njerwa?"

Anadziyankha okha.

"Yayi, njerwa sizimveka choncho. Unali mwala umodzi, wophwatalala."

"Mphero," ndinatero.

Anayamba kuseka, koma kusekako kunawapweteka, ndipo anagwira chitsulo cha bedi.

"Mphero! Ndiye ikukapera chiyani ku okishoni?"

"Alamu, bwanji simunaliponye?"

"Ndi kasokedwe kako kaja? Ndinakaona ndikunyonyomala, ngati wasoka ndi phazi. Likanaphulika pamaso pa mlangizi. M'kalabu muja muli mabanja angati? Ndipo mlongo wako akanatunga kuti madzi, anthu akumuloza?"

"Ndikanena ndekha."

"Yayi. Ukanena, msanawu ubwerera? Ukanena ndiye kuti ndathyokera pachabe. Pakamwa pakopo usoke molimba kuposa mmene unasokera belo lija."

Belolo linadutsa ku okishoni popanda wolizindikira. Kumene mpheroyo inakathera sindikudziwa.

Akuluakulu a masewero anabwera kamodzi kuchipatala. Anaima mozungulira bedi, anajambulitsa, anapita. Patapita miyezi iwiri kunabwera kalata yowafunira zabwino zonse, ndipo m'munsi mwake munali mawu opempha kuti abweze jekete lija chifukwa linali katundu wa bungwe. A Esinati analichapa, analisita, ndipo ine ndinakalitumiza pa positi. Kochi yekha ndiye anabwera mpaka kumudzi. Anakhala pakhonde misozi ili m'maso, akuwafunsa chifukwa chimene anaphwanyira lamulo lake, komanso chifukwa chimene munthu amene anamuphunzitsa yekha kutaya sanatayire. A Layisoni anangoti anaterereka. Kochiyo anayang'ana bwalo lathu louma gwa, ndipo sanafunsenso.

Kenako kunayamba mphekesera. Anthu amene anaimba nthungululu tsiku lija ndi omwenso anayamba kunena kuti mphamvu zoterozo sizibwera zokha. Ankati a Layisoni anakhwimira kwa sing'anga wa kwawo, ndiye analakwitsa chizimba, mankhwala n'kuwatembenukira. Ena ankatchula ngakhale chimene analakwitsa. Akulu ampingo awiri anabwera kudzawafunsa ngati panali choti aulule asanayandikire mgonero. A Layisoni anawaonetsa zikhatho zawo, zokakala ngati khungwa la mtondo, n'kuwauza kuti mankhwala awo ndi amenewo, zaka zisanu ndi zitatu m'mawa ndi madzulo. Atsibweni akamva mphekeserazo pa bawo, ankangopukusa mutu n'kunena kuti za akumpoto n'zovuta kuzidziwa. Sanayambitse bodzalo ndi iwo, koma ankalithirira.

Pali chinthu chimodzi chimene a Layisoni anachita, ndipo ndikuganiza kuti ndiyo inali njira yawo yoyankhira. Nyengo ya fodya yotsatira anatenga ndodo yawo, anapita pa jeke wa kalabu, anaima pamenepo. Palibe anawasankha. Belo lililonse likasokedwa ankapaka phulusa m'manja, n'kulitukula pang'ono ngodya iyi, kenako inayo, maondo atapinda. Nthawi zambiri ankangoti lipite. Koma nthawi zina ankaima kanthawi n'kunena motsitsa mawu:

"Belo ili likudwala. Masulani."

Tsiku lina linali belo la mlembi wa kalabu, munthu wa mawu ambiri. Iye analusa.

"Iwe Jeke, unabwera kuno kudzakwatira kapena kudzatilamula? Ndiwe sikelo?"

"Sikelo imangonena kulemera, achimwene. Ine ndikunena kumene kwalemerako. Masulani muli pano, kapena akakumasulireni ku Lilongwe pamaso pa anthu."

Mlembiyo analikokera kuseri kwa chigafa, ndipo tinamva zinthu zikugwa pansi. Pobwera nalo linali litachepa. A Layisoni analitukulanso n'kunena kuti lachira. Sanatchulepo dzina la munthu kwa mlangizi, ndipo sanafunsepo kuti munali chiyani. Mabelo a atsibweni ankawatukula chimodzimodzi, mwaulemu, atavula chipewa. Sanapezemo kanthu. Kuyambira chaka chimenecho kalabu yathu sinabwezeredwepo belo chifukwa cha mwala, ndipo pa misonkhano ya alimi atsibweni ndiwo ankaimirira kunyadira mbiri yabwinoyo.

A Esinati anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Tisanachotse ngakhale masamba a maliro pamsewu, atsibweni anaitanitsa banja kuti a Layisoni asudzulidwe. Anati mkazi wapita, ntchito ya mkamwini yatha, abwerere kwawo. Munthu woti sangathe kulima mzere umodzi mpaka kumapeto, abwerere kumudzi kumene anachokako ali mnyamata. A Layisoni anali ataimirira pa mtengo wawo, ndipo anangoti amva. Amene anayankha ndi Tamala, mwana wawo, khanda lija linali kumsana Loweruka lija. Tsopano ndi mayi wa ana awiri, ali ndi kagolosale pa Mtunthama.

"Nyumba iyi ndi ya amayi anga, ndiye kuti ndi yanga. Bambo anga ndi mlendo wanga. Amene akufuna kuthamangitsa mlendo wanga ayambe wathamangitsa ine."

Ine, mlongo wa mayi ake, amene ndinkayenera kuyamba kuyankhula, ndinayankhula iye atakhala pansi. Ndinangoti mwanayu wanena bwino.

Pamaliro kuno, mbiri ya malemu amapatsa munthu wopita kusukulu kuti alembe ndi kuwerenga. Lolemba lapitali masana, bokosi la a Layisoni likukhomedwa, akuluakulu a banja anandiitana m'chigafa. Atsibweni tsopano ayandikira zaka makumi asanu ndi anayi. Maso anachita khungu, koma mawu akadali omwe aja.

"Pa za msanapo ulembe kuti anavulalira kunja, ku mipikisano yawo ija. Abale ake abwera ambiri kuchokera kumpotoku. Zimveke bwino."

"Kunja kwake kuti, atsibweni?"

"Kunja ndi kunja. Ukufuna ndikutchulire dziko? Wa sukulu ndiwe."

Wina anawonjezera kuti zimenezo zikupatsanso ulemu malemu, kusiyana ndi zija anthu amanena. Onse anavomereza. Ndinalemba momwemo, ndi dzanja langa, pa pepala la m'kope.

Lachiwiri ndinaimirira pabwalo lomwe lija, bokosi lili patsogolo panga. Ndinawerenga kumene anabadwira, ubatizo wawo, ukwati wawo. Ndinawerenga za mipikisano, ndipo ndinaona achinyamata akuyang'anana modabwa. Nditafika pa mzere uja ndinaima. Ndinauwerenga chamumtima kawiri. Mawu akuti kunja anali pamenepo, olembedwa bwino, pamalo pamene lole inaima.

Ndinapinda pepalalo.

"Malemu sanavulalire kunja," ndinatero. "Anavulalira pano pamene mwakhalapa, ponyamula belo la atsibweni athu a Zakeyu. Sanakhwime ndipo sanalakwitse chizimba chilichonse. M'belomo munali mwala. Anaumva paphewa, ndipo sanaliponye pansi kuti kalabu yathu isalandidwe chiphaso. Wosoka belolo ndinali ine."

Kenako mchimwene wa a Layisoni anaimirira kumbali ya alendo, anzake n'kumukokera pansi. Atsibweni anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga.

"Mwanayu wamwa chiyani?"

Aliyense kwa Wimbe akudziwa kuti sindimwa. Woyendetsa mwambo anakodola kwaya mofulumira, ndipo nyimbo inakwirira zonse. Kumanda palibe anaima pafupi nane. Abale a a Layisoni anakwera galimoto yawo osadya, osatsanzika akuluakulu. Tamala sanandiyang'ane ngakhale kamodzi.

Ndisadzitame. Mawu amenewo anachedwa zaka makumi atatu, ndipo mwini wake anandiletsa kuwanena. Sanandimasulepo. Ndikudziwa chimene akanandiyankha akanadzuka m'bokosimo, ndi liwu lawo limodzi lija. Nawonso ndawakwiyira. Anasunga ulemu wa anthu amene sanawasungire wawo ngakhale tsiku limodzi, ndipo anandisiya ine ndikudya nawo mbale imodzi anthuwo.

M'mawa mwake ndinapita kunyumba ya malemu. Tamala ankasesa phulusa la moto wa pamaliro. Sanandipatse moni. Anaimika tsache.

"Atsibweni, zoti linali belo ndinkadziwa, amayi anandiuza. Za mwala sindinkadziwa. Zoti munasoka ndinu sindinkadziwanso."

"Anandiletsa kunena."

"Anakuletsani kunena. Nanga kubwera kudzaona mmene akudzukira m'mawa, anakuletsaninso?"



"Lowani," anatero.

Kuchipinda kwa mlongo wako sulowako. Ndiwo mwambo, ndipo mwambowo unandithandiza zaka zonsezi. Tamala anakankha chitseko n'kuima pambali.

Munalibe bedi. Munali chitseko chakale chathabwa, chogonekedwa pa njerwa zosanjikiza mpaka kufika m'maondo, ndi kamphasa kopyapyala pamwamba pake. Kuchokera pa mtanda wa denga panalendewera chingwe cha khonje chokhala ndi mfundo zinayi, chitada bii ndi thukuta la m'manja. Pamene chinkakhula, mtandawo unadyeka kuya ngati chala. Pakhoma, pamene ankatsamiritsa chikhatho akaimirira, laimu anachokapo, panatsala malo osalala ngati wapakapo mafuta.

"Chingwe chimenecho n'chachisanu ndi chinayi," anatero Tamala. "Ndinkati ndikaika madzi pamoto iwo akuyamba kudzikoka, madzi ankawira asanaimirire. Ankati ndisauze munthu."

Anatuluka, ndipo ndinamva tsache likuyambanso panja.

Ndinavula nsapato. Ndinagona chagada pa chitsekocho, ndinagwira mfundo yam'munsi, ndinadzikoka. Ndinadzuka kamodzi n'kamodzi. Msana wanga ine ndi wabwinobwino.